A Pakhonde, Achimwene Anga Osatseka Chitseko

Uthenga unandipeza ndili chiweramire pa thandala, ndikutembenuza matemba padoko la Kachulu, dzuwa lili paliwombo. Ndinangomva mawu kumbuyo: "Make Elisoni! Make Elisoni, mwagontha kodi?" Kucheuka, ndi Abiti Jafali, mnzanga amene timayanika naye nsomba, akubwera chothamanga, mpango utagwera pakhosi, wayilesi ya amuna awo ataikumbatira ngati khanda.

"Amutchula mwana wanu! Elisoni wanu uja akuti tsopano ndi Mlembi Wamkulu, unduna wonse uli m'manja mwake, ku Lilongwe!"

"Abiti, musasewere nane. Mtima wangawu ndi wakale, ungaphulike."

"Walahi, ndamva ndi makutu angawa. Anena pa Chizungu, Che Jafali andimasulira. Khalani chete, abwereza pa Chichewa."

Tinagwada pamchenga tonse awiri, makutu pa kabokosi. Ndipo linatuluka dzina, dzina limene ndinatcha ndekha mwana ali wofiira. Abale inu! Nthungululu inachoka yokha. Lichero la matemba ndinaliponya m'mwamba, akhwangwala anadya ukwati tsiku limenelo. Ndinavina pamchenga wotentha, ine gogo wa zidzukulu zodzaza mkeka, ndikuimba imene inangobwera pakamwa:

Wonunkha matemba wabala bwana, ee,
Wabala bwana, dzaoneni!

Kenako ndinaliyatsa liwiro la kumudzi, ndikufuula njira yonse: "Achimwene! Achimwene, mwamva?" Ndinadutsa pachigayo, ndinadutsa pamjigo, ndinakhota pamtengo wa mango, ndinafika pakhonde pawo. Mpando uli pomwepo. Apo m'pamene ndinakumbuka zimene miyendo inaiwala: achimwene tinawaika m'manda chaka chatha, nyengo yomwe ino ya dzuwa.

Ndinakhala pansi pambali pa mpandowo. Nyimbo inali isanathe pakamwa, misozi inali itayamba kale.

Ine sukulu yanga ndi ya masana kutchalitchi, ya ife akuluakulu, ndipo zilembo zanga zimayenda cham'mbali ngati nkhanu. Koma ndilemba. Chiliza chawo tikumanga mwezi uno, ndipo pa chiliza pamangokwana dzina. Zotsalazo ndiziika pano.

Dzina lawo la ubatizo anali a Waisoni, koma kuyambira ku Zomba mpaka kuchilumba cha Chisi ankadziwika kuti a Pakhonde. Anali aatali, owonda, khosi ngati la kakowa. Malaya oyera ankamanga mabatani mpaka pakhosi, ngakhale pamene malayawo anatsala zigamba zokhazokha. Tiyi ankamwa wopanda shuga, m'kapu yothyoka chogwirira. Ndipo mlendo aliyense, kaya ndi m'busa, kaya ndi wamisala, ankamulandirira pakhonde. M'nyumba munali mogona basi. Chitseko chinali chotsegula usana ndi usiku, chilimwe ndi dzinja, atachiimika ndi mwala. Udzudzu wa ku Chilwa mukuudziwa, koma iwo ankati udzudzu ndi wabwino, umabwera ukuimba, suluma mobisa.

Ukangotsitsa mawu, ankaika dzanja kukhutu. "Kwezani, kwezani, khutu ili linafa." Bodza! Nkhuku ikamajompha mpunga kuseri kwa nyumba ankaimva.

Zonena zawo zinali zochepa, koma ankazibwereza mpaka tinatopa nazo. Ankati nkhani imene ikukana kukhala pakhonde, m'nyumba imakaswa njoka. Ankatinso mpando wa boma si wa amene waukhalira, ndi wa anthu amene aima panja padzuwa, choncho anthuwo ayenera kuona mmene munthu wakwererapo. Ife tinkangoti eya, eya, kuti amwe tiyi wawo.

Zonsezi ankati anaphunzira pamchenga, osati kusukulu ya mishoni. Bambo athu anali ndi khoka, ndipo nsomba zikatuluka sankalola kuti zigawidwe kuseri kwa udzu wa njedza. Ankaunjika milu pamchenga, aliyense akuona. Kenako msodzi mmodzi ankatembenuka kuyang'ana kunyanja, bambo n'kuloza mulu ndi ndodo: "Uwu ngwa yani?" Wotembenuka uja n'kutchula dzina asakuona. Mulu wa makumba onona unkatha kugwera kapolo wa mowa, wa mwini khoka n'kukhala wa tiana ta matemba. Achimwene ankati m'moyo mwawo monse sanaoneponso khoti lachilungamo ngati msana wa msodzi uja.

Atsamunda atachoka, achimwene anali atakwera kale. Anawaika m'gulu la akuluakulu amene ankafunsa mafunso anthu ofuna maudindo m'boma, ija amati intavyu. Nthawi imeneyo likulu linali likadali ku Zomba. Kumudzi kuno tinkayenda mapewa ali m'mwamba. Munthu amene amagawa mipando ya boma ndi wathu, ndi mwini mbumba wathu! Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi wako kuposa amene wabereka wekha. Malume ndiye amakwatitsa, malume ndiye amalipira mlandu, malume ndiye amakutsegulira njira. Ine sindinali kupempha chachilendo. Ndinali kupempha changa.

Chinali chaka chija nyanja inaphwa. Amene simunaone simungamvetse. Mabwato anagona chammbali pamatope ong'aluka, anthu ankapita ku Chisi wapansi. Bambo ake a Elisoni anali atamwalira. Elisoniyo anali kakalaliki kakang'ono ku Zomba komweko, ka malipiro osakwana ngakhale iye ndi mkazi wake, koma pakamwa pathu tonse panali poyang'ana iye. Ndiye tinamva kuti boma likufuna achiwiri kwa ma Disi, mabwanamkubwa aja a m'maboma, ndipo Elisoni walembera. Mitu inagwirizana kumudzi: make Elisoni, nyamukani.

Ndinakumba mlamba m'matope ndi manja awa, ndinauwamba bwinobwino, ndinaukulunga m'nsalu yoyera. Ndinakwera lole ya makala. Ndinafika panyumba ya boma ya malata ofiira, ndinagwada monga mwa mwambo, ndinati:

"Achimwene, tilowe m'nyumba, ndili ndi kamawu."

"Kamawu kakoko kakuopa dzuwa, Esinati?"

"Ndi ka pachibale."

"Ka ukwati? Ka maliro?"

"Ka Elisoni. Ka ntchito ija."

"Oo, ndiye si ka pachibale, ndi nkhani ya boma." Anaimirira, anaitana a Bisalomu owaphikira, anaitananso mayi a nyumba yoyandikana amene ankayanika zovala. "Tabwerani mudzakhale mboni. Mlongo wanga wabwera ndi nkhani ya boma."

Mayo ine! Ndinafuna nthaka ing'ambike. Mayi aja anabwera thovu la sopo lili m'manja, akundiyang'ana kuyambira kumapazi ong'aluka. Koma njala ilibe manyazi. Ndinanena, ndipo ndinakweza mawu monga ankafunira.

"Ndinu mwini mbumba. Kumudzi tikudya mizu. Sindikuti mube. Ndikuti mwana akalowa, mumuyang'ane ndi diso la malume."

Anayang'ana phukusi langa.

"Esinati, pabenchi paja padzakhala ana a anthu ambiri. Aliyense ali ndi make amene wakumba kanthu m'matope. Amene alibe malume m'chipindamo adzalowere khomo liti?"

"Ameneyo ndi wa eni ake. Ine ndikunena wanu."

"Wanga akadzalowa, ndidzauza anzanga kuti uyu ndi mwana wa mlongo wanga, kenako ndidzatuluka. Adzamufunsa okha. Akayankha bwino adzamutenga."

"Akapanda kumutenga?"

"Adzakhala atatenga womuposa."

Phukusi anandibwezera m'manja. Anati mlambawo ndibwerere nawo ana akadye, ndipo tsiku limene ndidzabwere wopanda nkhani ndidzabweretse wina, adzadya mpaka mutu. Ine ndinadzuka osatsanzika. Pachipata ndinatembenuka n'kuwauza kuti mbumba yawo ndi mapepala, mapepalawo ndiwo adzawaike m'manda.

Elisoni sanamutenge. Anatenga mnyamata wina wa kutali, wa kumapiri a kumpoto, wopanda aliyense womudziwa ku Zomba. Achimwene ankati anzawo anawauza kuti mnyamatayo anayankha ngati akuwerenga. Dzinja lomwelo matenda otsegula m'mimba analowa m'mudzi, ndipo tinaika mdzukulu wanga woyamba, kamtsikana ka Elisoni kamene anakatumiza kwa ine chifukwa kutauni kunalibe chodya. Achimwene anabwera kumaliro. Ine ndinawapatsa msana. Anakhala panja ndi amuna anzawo, chipewa chili pabondo, ndipo m'mawa mwake anabwerera wapansi mpaka pamsewu.

Zaka zinapita ndithu, nyanja inabwerera, matemba anabwerera, ine ndi achimwene moni osabwerera.

Zimene zinawagwetsa sanandiuze ndi pakamwa pawo, ngakhale tsiku limodzi. Anandiuza ndi Elisoni, amene tsiku limenelo anali pakhonde la maofesi atanyamula mafayilo. Panali malo aakulu ndithu, a mkulu woyang'anira nthambi yonse. Anthu analembera, anabwera atavala masuti obwereka, anafunsidwa mmodzimmodzi, n'kukhala pabenchi kudikira. Akuluakulu aja anali atagwirizana kale za amene wapambana. Ndiye inaima galimoto yakuda, munatsika munthu wa baji ya chipani pachifuwa. Analowa osagogoda. Anabwera ndi dzina pakamwa, dzina la munthu amene sanalembere, sanabwere, sanakhale pabenchi. Anangoti lachokera kumwamba.

Wapampando wa gululo anati, "Tsekani chitseko."

Mesenjala anatseka.

Achimwene anadzuka, anakatsegula, anakoka mpando wawo n'kuimika chitsekocho. Elisoni akuti pabenchi ponse panangoti zii, ngakhale makina otayipira anasiya kulira. Ndiye achimwene anati, ndi mawu awo aja a munthu wodzitcha wogontha:

"Bwana, sindinamve bwino. Tchulaninso dzinalo mokweza, awa adikira kuyambira m'mawawa amve amene wawaposa. Mutiuzenso anamufunsa ndani, anayankha chiyani. Ngati ndi wabwino, tikondwera naye tonse."

Wa baji uja anawayang'ana, anamwetulira, anafunsa wapampando kuti, "Bambowa kwawo n'kuti?" Basi. Anatuluka. Anthu a pabenchi ananyamuka mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana nsapato zake. Panalibe amene anati zikomo. Elisoni akuti iye anabisala kuseri kwa mafayilo, akupemphera kuti pasapezeke wokumbukira kuti ndi malume ake.

Sabata isanathe, wayilesi ya Che Jafali yomweyi inanena pa nkhani za masana kuti a Waisoni apumitsidwa pa ntchito. Chifukwa sichinanenedwe. Inanenanso dzina la amene wapatsidwa malo aja, chifukwanso sichinanenedwe. Kenako inaika nyimbo. Landirova ya apolisi inakawatenga pakhonde pawo akumwa tiyi. Mlamu wanga, mkazi wawo, anathamangitsidwa m'nyumba ya boma, anatenga ana n'kupita kwawo ku Mulanje, ndipo sindimunena, nayenso anali ndi pakamwa podyetsa. Kumene anawatsekera sitinkakutchula. Tinkangoti ali kuja.

Mvula zinagwa zingapo. Tsiku lina ndikupeta mpunga, lole ya nsomba inaima pamsewu, panatsika nkhalamba ya miyendo yotupa, malaya atamangidwa mpaka pakhosi. Inayenda pang'onopang'ono, inaima pabwalo langa.

"Odi, Esinati."

Ndinapitiriza kupeta.

"Mwabwera ndi nkhani ya boma kapena ya pachibale?"

"Ya pachibale."

"Ndiye tilowe m'nyumba."

"Iyayi, pompano pali bwino."

Ndinaseka, ndinalira, ndinawatukwana, zonse pakamodzi. Ndinathamangira kudoko, ndinasankha mlamba waukulu, ndinauphika ndi matimati. Nditawaikira, ndinati, "Munalonjeza kuti mudzadya mpaka mutu." Anatsegula pakamwa kundionetsa. Mano akutsogolo anatsala kuja. Mutuwo anauyamwa ngati mwana, mpaka unayera.

Za kamtsikana kaja sitinakambepo. Koma chaka chilichonse mvula ikayandikira ndinkapeza kamanda kake katalambulidwa, ndipo khasu la achimwene lili ndi dothi lofiira la kumanda.

Tinawamangira kanyumba pafupi ndi yanga. Chitseko anakhoma ndi Che Jafali, cha matabwa abwino, chokhala ndi loko. Tsiku lomwelo anachiimika ndi mwala. Anthu ankaopa khonde limenelo ngati pali nthomba. Amene kale ankabwera ndi nkhuku kudzapempha kuti ndikawanenere kwa achimwene, tsopano ankazungulira kuseri kwa nkhokwe. Achinyamata a chipani ankabwera kudzafunsa khadi, iwo n'kulitulutsa m'thumba la malaya, n'kuwauza kuti akhale pansi amwe tiyi, anene mokweza amene wawatuma. Anyamatawo ankachoka akutukwana chapansipansi. Amene sanasiye kubwera ndi Che Jafali okha, ndi bawo lawo kukhwapa.

"A Pakhonde, inu mukanangotseka pakamwa tsiku lija, bwenzi pano tikukwera galimoto yanu."

"Che Jafali, inu mukanangotseka dzanja, bwenzi nkhomo ziwiri mwabisazo sindinazione. Bwezerani."

Musaganize kuti anali munthu wofewa kukhala naye. Iii, anali minga! Kutchalitchi atafuna kusankha mkulu wa mpingo, madoda analowa m'kachipinda ka kuseri n'kutseka. Achimwene anakaima pawindo, mutu uli m'kati: "Pitirizani, abale, ine ndangobwera kudzaona mmene Mzimu ukusankhira." Anawaletsa mgonero mpaka Pasaka. Ngakhale ine, ndikafuna kupatsa mdzukulu mmodzi kachidutswa ka nzimbe mobisa, ankaitana onse: "Bwerani, agogo anu akugawa maudindo!" Munthu wotere umamukonda ali kutali. Ali pakhomo, tsiku lina umafuna kumuthira madzi.

Koma mkangano wawo waukulu unali ndi Elisoni. Likulu litasamukira ku Lilongwe, mwana wanga anasamuka nalo, ndipo anayamba kukwera. Anasiya mkazi woyamba, anakwatira mwana wa munthu wina wamkulu m'chipani. Anali wanzeru, musandimve molakwa, mwana wanga ndi wanzeru, amagwira ntchito ngati ng'ombe. Koma nthawi iliyonse akabwera kudzanena kuti wakwezedwa, ine ndikululuta, achimwene ankamukhazika pakhonde ndi mafunso awo omweomwewo. Ulendo womaliza ndinali pomwepo, ndikusenda chinangwa.

"Malowo analengezedwa?"

"Amalume, zinthu zinasintha."

"Munali angati pabenchi?"

"Masiku ano kulibe benchi."

"Nanga anakufunsa chiyani?"

Elisoni anayang'ana kunyanja.

"Anandifunsa ngati ndili ndi m'bale amene anatsekeredwapo."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinati ndilibe."

Mpeni unandigwa m'manja. Achimwene anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati mphunzitsi amene wamva yankho lolondola.

"Chabwino. Bola funso linalipo. Ndimaopa kuti mwina sanakufunse kalikonse."

Anaseka, koma tiyi wa tsiku limenelo anazizira m'kapu. Elisoni ananditengera kuseri kwa nyumba, maso ali ofiira. "Amayi, ine ndinaliona khomo limene amalume anatsegula. Linathandiza ndani? Malo anapita kwa yemwe uja, iwo anataya mano, ine ndinataya mwana. Ndili ndi ana ena tsopano. Mukufuna ndiwadyetse chilungamo?" Ndinangomupatsa matemba a paulendo.

Sanabwerenso achimwene ali moyo.

Anadwala chifuwa chimene anabwera nacho kuja. Tinawapempha kuti agone m'nyumba, mphepo ya kunyanja ikuwapweteka. Anakana. Anati anakhalamo mokwanira m'chipinda chotseka, ndipo imfa ikafuna kubwera ibwere poyera, anthu aione. Inabweradi poyera. Kunali masana, amayi akuchokera kumjigo, bawo lili pakati. Che Jafali anati, "Sewerani, bambo, mwagona?" Nkhomo zinali zikadali m'dzanja lawo.

Elisoni anatumiza bokosi, labwino, la zogwirira zonyezimira, pa lole yopanda nambala ya boma. Iye anati ntchito yamuchulukira. Mlamu wanga anabwera ndi ana kuchokera ku Mulanje, analira, anabwerera. A pabenchi aja, amene anawatsegulira chitseko, sindinaonepo ndi mmodzi yemwe. Mwina sanamve. Wayilesi sinanene.

Tsopano ndibwerere ku chisangalalo, pakuti ndasangalala, musandinamizire, ndasangalala! Loweruka lapitali Elisoni anabwera. Galimoto yakuda, yaitali ngati bwato la ku Chisi, dalaivala wa chipewa kumutsegulira. Mwana wanga, wonenepa bwino, tayi pakhosi, anagwada pafumbi kundipatsa moni. Tinapha mbuzi, Che Jafali ndiwo anazinga kuti tonse tidye. Tinaphika mpunga wa m'dambo lathu, thobwa linadzaza migolo. Anabwera apongozi ake aja a chipani, anabwera a tcheyamani a dera lino, amene kale ankazungulira kuseri kwa nkhokwe. Tsikulo anandigwira dzanja ndi manja awiri: "Mayi, mwatibalira."

Ng'oma zitagunda ndinalowa m'bwalo. Ndinamanga chitenje, ndinaponda, amayi akuwomba m'manja. Ndinaimba ya wonunkha matemba ija, onse anavomera. Ndiye sindikudziwa chinandigwira n'chiyani. Ndinayang'ana kukhonde kuja, ndinaona mpando, ndipo pakamwa panga panatuluka ina:

Anakusankha ndani, mwanawe, ee,
Munali angati pabenchi?
Tiuze tikondwe, mwanawe, ee,
Anakufunsa chiyani?

Amayi anavomera kamodzi, osadziwa. Kachiwiri mawu anachepa. Woimba ng'oma anayang'ana a tcheyamani, ng'oma inazilala. Elisoni anadzuka akumwetulira, analowa m'bwalo ngati akudzandifupa, anandikumbatira, anaika pakamwa pakhutu langa.

"Amayi, chonde. Imbani ina."

"Ungondiyankha ine ndekha, mwanangu. Anakusankha ndani?"

"Sindikudziwa, amayi. Nanenso ndinamvera pawayilesi."

Ndinaimba ina. Ndinaimba ya ukwati, ng'oma zinadzuka, fumbi linakwera.

Atatha kudya, apongozi aja anati ali ndi kamawu ndi a Mlembi Wamkulu, iwo ndi a tcheyamani. Mwana wa a tcheyamani wamaliza sukulu, mukudziwa. Anayang'anayang'ana pofuna malo, ndipo kwanga kunali kodzaza amayi ndi mapoto. Anaona kanyumba ka achimwene kali chete. Analowa. Dalaivala anachotsa mwala uja, anakoka chitseko, chitseko chinakana. Chiswe chinali chitamanga dothi kunsi kwake, mahinjesi atagwira dzimbiri chikhomereni. Anakoka, chinalira ngati mbuzi, chinakana. Anapempha khasu. Che Jafali anati iwo sakudziwa kumene kuli khasu m'mudzi muno. Analipeza okha, la achimwene lomwe lija, kuseri kwa nyumba. Anapala dothi, anakankha ndi phewa, chinatsekeka. Kenako chinatsegukanso pang'ono, dalaivala anatuluka, ananyamula mpando wa pakhonde n'kulowa nawo, poti a tcheyamani analibe pokhala.

Ine ndinali ndi chikho cha thobwa m'manja. Ndinapitiriza kugawira alendo.

Tsopano masana alionse ndimasiya matemba, ndimapita kwa Abiti Jafali, timagwada pa kabokosi kaja. Mawu amene anakweza mwana wanga ndi omwe aja anagwetsa achimwene, ndipo sanena chifukwa, pokweza kapena pogwetsa. Nkhani zikatha dzina lake osatchulidwa, ndimaimba pobwerera. Ndimaimba ndithu. Mawa ndi mawa.

Koma ndilembe amene anabwera kudzakondwera nane, asadzati gogo uja anatiiwala. Anabwera Che Jafali ndi Abiti Jafali, ndi ana awo Asiyatu ndi Saidi. Anabwera a Bisalomu, ophika aja a ku Zomba, atakalamba, ndodo m'manja, anakhala paokha osadya. Anabwera make Fanesi wa pachigayo, make Dolika, anaMulewa ndi mpongozi wawo. Anabwera a Sitolo opala mabwato, a Gomiwa oimba ng'oma, Che Amidu a njinga ya nsomba. Anabwera abusa ndi amayi abusa, ndi madoda onse a kachipinda ka kuseri. Anabwera a tcheyamani ndi mwana wawo womaliza sukulu, atavala kale tayi. Anabwera apongozi a ku Lilongwe. Anabwera adzukulu anga, Linesi, Patuma wa kwa mwana wanga wamkazi, Joswa, Mafuno, ndi kakhanda kamene Elisoni anakatcha Chisomo, poti dzina la Waisoni mkazi wake analikana. Anabwera Elisoni, mwana wanga, Mlembi Wamkulu.

Bwalo linadzaza, ena anakhala pankhokwe, ena pamizu ya mango, ena pamwamba pa bwato lakale. Pakhonde la achimwene pokha, pamene pali mthunzi wabwino kuposa ponse, panalibe wokhalapo. Mpando sanaubwezere, ukadali m'kati. Pansi pozira patsala timaenje tinayi pamene miyendo yake inadya dothi, ndi pamene zidendene zawo zinasalaza, ndi mwala uja, uli pambali, wopanda choimika.